Kapenta pa Thabwa la a Mvula

Munthu aliyense amene anagwirapo ntchito pamgodi wa ku Kabwe anawerengapo dzanja la a Febian Mvula, ngakhale ambiri sankadziwa kuti ndi lawo. Zikwangwani zochenjeza, kuyambira cha pakhomo la chikepe chotsikira pansi mpaka cha pachimbudzi cha akapitawo, ankalemba ndi iwo. Malo awo anali kashedi ka kuseri kwa nyumba yokonzera makina, momwe munali zitini za utoto, maburashi oviikidwa m'palafini, ndi rula yachitsulo yotalika ngati mkono.

Atate awo anali a panjanji, koma mwanayo anamutumiza kumudzi ku Katete kuti akaphunzire kumishoni. Kumeneko Bulaza wina wachikulire ndiye anawaphunzitsa kulemba zilembo. Bulazayo ankati utoto uli ngati mbuzi: uli ndi khola lake, ndipo kholalo ndi mzere. Utoto ukadumpha mzere, rula inkatera pazala. A Mvula anabwerera ku Kabwe ali ndi zala zomvera, ndipo zala zimenezo zinawadyetsa mpaka imvi zinayamba.

Zithunzi sankaziwerengera. Ankati ntchito ya munthu wamkulu ndi zilembo, zithunzi n'zokometsera amene sadziwa kuwerenga. Komabe pa chikwangwani chilichonse chachikulu pankafunika chithunzi, ndipo iwo anali ndi munthu mmodzi yekha amene ankamujambula: mwamuna wa chibwano chachikulu, chisoti kumutu, jombo kumapazi, chala chachikulu chili m'mwamba, mano onse pamtunda. Anyamata a pansi anamutcha Kenani, chifukwa chibwanocho chinkafanana ndi cha kapitawo wina wa dzina limenelo. Kenani weniweni anamwalira kalekale, koma wa pakhoma sanadwalepo, sanavulalepo, sanachedwepo kuntchito.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, m'zaka zija boma linkagulitsa makampani ake. A Mvula anatuluka pachipata ndi maburashi awo m'thumba la shuga. Nyumba imene ankakhala ataigula, anaikamo munthu wa lendi, iwo ndi akazi awo a Felistas n'kusamukira m'zipinda ziwiri za zidina ku Makululu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Abigail, anali atakwatiwa ku Ndola, ndipo nayenso anali ndi zake zomulemera.

Poyamba ntchito inalipo. Aliyense wochotsedwa ntchito ankatsegula kantemba, kagolosale ka matabwa, ndipo kantemba kalikonse kankafuna dzina. Analemba mayina a malo ometera, mawu a kumbuyo kwa maminibasi, ndi mitanda ya kumanda, imene zaka zimenezo sinkasowa. Tuntemba tambiri tinatsekedwa utoto wake usanasuluke.

Dzanja linayamba kunjenjemera akulemba mtanda. Chilembo cha M chinatuluka ndi mwendo umodzi wokhota. Anapukuta, n'kuyambanso, chinakhotanso. Ankadziwa zimene anthu amanena za manja otere: ena amati ndi mtovu wa m'fumbi la Kabwe, ena amati ukalamba, ena amati mowa, umene iwo sankamwa. Sanauze munthu. Tiyi anayamba kumwa atagwira kapu ndi manja awiri. Ku Misa anabwerera ku mwambo wakale wolandira Ukalistia palilime, ndipo anzawo a m'bungwe ankati a Mvula awonjezera kupemphera.

Koma chikwangwani sichisunga chinsinsi. Wometa tsitsi wina wa ku Ngungu anayang'ana chimene anamulembera, anapendeketsa mutu, nati adzatumiza mawu. Mawuwo sanabwere. Ena nawonso anatero. Pofika chaka chimene tikunenachi, kasitomala wokhazikika anali atatsala mmodzi, Chansa wa vidiyo.

Chansa anali mwana wa munthu wa mgodi. Anamaliza sukulu chaka chimene ntchito zinatha, ndipo m'malo modikira anamanga chisakasa cha malata akale ndi masaka pafupi ndi msika, naikamo mabenchi, tivi, makina a tepi ndi batire ya galimoto. Pakhomo pankaima thabwa lalikulu. Filimu yatsopano ikabwera, a Mvula ankalipaka loyera, n'kujambulapo munthu wa nkhonya kapena wa mfuti, n'kulemba dzina la filimu ndi nthawi yake. Ankakopera pa chikuto cha tepi. M'chisakasamo anali asanakhalemo, chifukwa ankaona kuti si malo a munthu wotsogolera miphakati.

Thabwa limenelo likanawachoka, ankadziwa kumene akanapita. Kumapeto kwa tauni kuli phiri lakuda la zotsalira za mgodi, kumene amuna amene kale anali ndi zisoti tsopano ankakumba ndi manja, kufuna zitsulo ndi miyala yogulitsa. Mnzawo wa kale a Adamson Chibuye, amene ankayendetsa chikepe, ankapita kumeneko masiku ambiri, n'kubwerako wakuda mpaka m'zikope, akutsokomola ngati mphika wong'aluka. A Adamson anali Mbemba, ndipo Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ngati a Mvula ali pa chimbuya, chibale chonyozana chimene munthu sakwiya nacho. Choncho ankanena zimene ena sakanayerekeza.

"Iwe wakudya mbeba," ankatero akakumana, "malo yako nakusungila paphili. Ukalema kunama na penti, ubwele na fosholo."

"Mudyeretu anyani anu, ine sindinafike pamenepo," ankayankha a Mvula, dzanja lili m'thumba.

Tsiku lina m'mwezi wa fumbi Chansa anawaitana masana. Anali atanyamula tepi yakuda yopanda chikuto, imene kondakitala wa basi ya ku Lusaka anamubweretsera.

"Ba mudala, iyi ilibe kava. Muyang'ane chabe pa tivi, mukope. Ni katuni, koma si ya bana iyai. Dzulo nayesa, bantu banakana kuchoka."

A Mvula anaima pakhomo, phazi limodzi lili panja. Chansa anathamangitsa tepiyo, n'kuisiya pakati.

Pa tivi panali munthu wowonda, wa chikhoti chofiira chachitali, akudumpha kuchoka padenga lina kupita pa lina. Koma kufiira kwa chikhoticho sikunkayenda naye. Iye akadumpha, ankapita ndi mizere yake yokha, yakuda, utoto n'kumabwera pambuyo ngati galu wotsatira mbuye wake. Nyumba zinali zopendekeka. Kumwamba kunkaoneka ngati mapepala ong'ambidwa n'kumatidwa pamodzi. Ndipo mizere yonse, ngakhale ya zinthu zongoima, inkagwedera.

"Tepi yako yanyowa," anatero a Mvula.

"Awe, ni mwamene ilili."

"Ndati yanyowa. Kapena makina ako atopa. Palibe munthu wolipidwa angasiye utoto panja pa mzere chonchi."

"Ba mudala, bazungu na ba Japani baziba vamene bachita."

A Mvula sanatsutsenso. Anaona chikhoti, anaona nsapato, anaona kuti munthuyo amauluka. Zina zonse anaziona ngati zilema za tepi yakuba, ndipo anaganiza kuti ntchito yawo ndi kuonetsa munthuyo mmene akanaonekera tepi ikanakhala yabwino. Anasenza thabwa pamutu n'kupita kunyumba.

Analiyedzamiritsa pakhoma kuseri kwa nyumba, kumene anthu odutsa sangaone. Anadula chubu chakale cha njinga, n'kupanga timalamba tija amati malegeni. Anamanga dzanja lamanja ku ndodo yotsamirapo, kumanga kolimba mpaka zala zinachita dzanzi. Motero dzanja linkamvera kwa kanthawi. Ankajambula mzere waufupi, n'kumasula, n'kudikira magazi abwerere, n'kumanganso. Ntchito imene kale inali ya m'mawa umodzi inadya masiku.

A Felistas, amene ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pamsika, anawapeza ali chomangidwa.

"Atate ake Abigail, mwadzimanga ngati mbuzi yopita kumsika bwanji?"

"Ndi njira ya ntchito. Kumgodi tinkatero."

"Kumgodi ndinkakuchapirani maovolosi ine. Malegeni sindinawaonemo."

"Mafuta anu akupsa uko."

A Felistas anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenako anabwerera ku mbaula yawo.

Thabwa litatha, linali loyera bwino. Mzere uliwonse unali wowongoka, kufiira kunali m'kati mwa chikhoti, kumwamba kunali kwa mtundu umodzi. Anampatsa munthuyo mapewa, chifukwa wopulumutsa anthu sangakhale wowonda ngati wodwala. Analinyamula m'mawa, nakaliimika pakhomo pa chisakasa.

Pansi pa mtengo wa pafupi ndi chisakasacho pankakhala amuna a mgodi amene tsikulo sanapite kuphiri, akusewera nsolo m'maenje okumba pansi. A Adamson anali pomwepo. Anadzuka, miyala ili m'manja, nayandikira thabwalo. Analiyang'ana kumutu, analiyang'ana kumapazi. Kenako anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Bane, bwelani muone! Kenani! Kenani wapeza nchito!"

Anzawo anasiya nsolo. Mmodzi anati chibwano ndi chomwecho. Wina anati chisoti anagulitsa, wagula chikhoti. Wachitatu anavula chipewa, nagwada pang'ono, napereka moni wa Chibemba, nati, "Mwapoleni ba Kenani, ise batipitikisa, imwe bakukwezani mpaka mumwamba." A Mvula anayang'ana thabwa lawo ndipo anaona zimene sanazione kuseri kwa nyumba. Mano onse anali pamtunda. Dzanja limodzi la munthu woulukayo linali kutsogolo, chala chachikulu chili m'mwamba. Sanakumbuke n'komwe kuti anachijambula liti.

"Uyu sanadwalepo," anatero a Adamson akupukuta misozi. "Ise tonse tinasila, eve akali kuseka."

Chansa anatuluka atamva phokoso. Sanaseke. Anawatengera a Mvula pambali, kuseri kwa masaka.

"Ba mudala, uyu si Kapenta."

"Kapenta ndiye ndani?"

"Uja wa mu filimu. Bantu bamupasa zina, chifukwa ni woyonda monga tunsomba twa kapenta. Uyu mwajambula ni bouncer wa pa bala. Bantu bazaganiza nasintha filimu." Anakanda kumutu, nayang'ana pansi. "Ine nimakulemekezani, munali kusebenza na ba tata. Koma kuli mufana ku Ngungu amapopela penti na mashini, amanivuta daily. Pa Chibelu bantu bamabwela bambili. Ngati siizankhala bwino pa Chibelu, nizamuitana."

A Mvula anamva bwino lomwe. Loweruka silinali patali.

"Ndiye ndimuone Kapenta wakoyo," anatero. "Yense, kuyambira poyamba."

Analowa masana omwewo, nakhala pabenchi lakumbuyo, chipewa chili pamaondo. M'katimo munali motentha, munkanunkha thukuta ndi chimanga chootcha. Dzuwa linkalowa m'mabowo a misomali ya malata. Munali ana, munali amayi awiri a pamsika amene anasiyira anzawo mabenchi a tomato, ndipo amuna a nsolo aja analowanso, a Adamson n'kudzipanikiza pambali pa mnzawo.

Mawu a filimuyo sankamveka. Sipika inali yong'ambika, ndipo chizungu chake chinali chothamanga. A Adamson ankamasulira mokweza zimene ankaganiza, ndipo ana ankawatsutsa. Koma nkhani inkaoneka yokha. Kapenta anali munthu wosesa m'misewu ya tauni ina yaikulu. Mdani wake anali chimunthu chonenepa chopangidwa ndi mwaye, chimene anthu m'chisakasamo ankachitcha Malasha. Chikakhudza nyumba, nyumbayo inkafufutika ngati choko chopukutidwa ndi chigongono.

A Mvula anayamba ndi kuwerenga zolakwa. Apa utoto wadumpha, apa mzere wa pensulo sanaufufute, apa mawindo sakufanana. Kenako anazindikira kuti kuchedwa kwa utoto kunali ndi lamulo lake. Kapenta akamayenda pang'onopang'ono, kufiira kunkatsalira kachala kamodzi. Akathamanga, kunkatsalira msewu wathunthu, n'kumakhota m'makona pambuyo pake, kugunda mitengo ya magetsi, kudontha pa anthu. Tepi yonyowa singadziwe kuti munthu akuthamanga. Munthu wina, kutali kwina, anakhala pansi n'kusankha zimenezi, ndipo palibe anam'menya zala.

Malasha atam'menya koyamba, utoto wonse unakhutuka mwa Kapenta ngati madzi m'chidebe chogwa. Anatsala mizere yokhayokha, ndipo khoma la kumbuyo kwake linkaonekera m'chifuwa mwake. Anadzuka, nayamba kuyenda m'tauni kupempha mitundu. Mayi wogulitsa malalanje anamupatsa pang'ono, malalanje ake n'kutuwa. Dalaivala wa basi anabudula kubiriwira kwa basi yake. Mwana wina anapereka buluu wa yunifolomu. Kapenta anabwerera kunkhondo ali wamawangamawanga ngati chitenje chosokedwa ndi zigamba, ndipo amayi a tomato aja analuluta.

Koma malo amene anawagwira a Mvula sanali a nkhondo. Nkhondo itatha, Kapenta anafika pamalo odikirira basi, mitundu yopempha ija itam'chokanso, ali mizere yokhayokha, nakhala pabenchi, mutu uli pansi. Panapita kanthawi popanda chochitika. Kenako kufiira kuja kunatulukira pakona, kukukwawa pang'onopang'ono. Kunafika pabenchi, koma sikunalowe mwa mwini wake. Kunakhala pambali pake, kooneka ngati munthu wa chikhoti, nakonso mutu uli pansi. Awiriwo anakhala choncho, basi zikudutsa.

M'chisakasa munali zii. Ana okha ndiwo ankasuntha, kudikira kuti nkhondo iyambenso.

"Nayeve walema," anatero a Adamson, osati mokweza.

Palibe anaseka. Amuna aja anangoyang'ana kutsogolo, manja ali pakati pa maondo, mofanana ndi wa pa tivi.

Potuluka, a Mvula anasenza thabwa lawo. Atafika kunyumba anam'paka Kenani utoto woyera, kuyambira kumano. Anadikira kuti uume. M'mawa mwake anatenga burashi yaing'ono, naiviika m'chitini chakuda. Malegeni anali pansi pomwepo. Anawayang'ana, nawakankha ndi phazi.

Dzanja linanjenjemera monga mwa masiku onse. Mzere wa phewa unatuluka wogwedera, woonda apa, wonenepa apo. Mtima unawauza kuti apukute. Sanapukute. Anatsitsa mzerewo mpaka kuchigongono, nabwereza wina pambali pake monga anaonera, osafufuta woyamba. Miyendo inatuluka yaitali ngati ya kakowa. Sanajambule kuuluka. Anajambula benchi, munthu wa mizere yokha atakhalapo, ndipo pambali pake, ndi burashi yaikulu, anapaka kufiira kopanda mzere uliwonse wokutchinga. Utoto wina unayenderera kutsika m'thabwa. Anausiya.

Ntchitoyo sinawasangalatse monga ena angaganizire. Msana unkawawa, ndipo nthawi yonseyi ankamva ngati akuchita chinthu chimene adzafunika kukaulula. Koma linali tsiku loyamba m'miyezi yambiri limene sanalimbane ndi dzanja lawo.

A Felistas anabwera ndi beseni la zitumbuwa zotsala, naima kumbuyo kwawo.

"Penti mwataya pambali."

"Ndi mmene alili munthuyo."

"Ndiye wakhala ngati inu mukachokera ku maliro," anatero, nalowa m'nyumba.

Kunatsala zilembo. Pamwamba pa thabwa pankafunika dzina la filimu, pansi pake nthawi. A Mvula anatenga rula yawo yachitsulo, najambula mizere iwiri ya pensulo, naviika burashi. Chilembo choyamba chinakhota. Chachiwiri chinadumpha mzere wapamwamba. Anaima, naganiza kuti mwina nazonso zingakhale zogwedera ngati munthuyo. Analemba mawu onse mpaka kumapeto, nabwerera m'mbuyo kuti aone.

Sizinali ngati filimu. Zinali zilembo zokhota basi, zonga za munthu woledzera kapena za mwana wa giredi wani. Munthu wogwedera amaoneka wamoyo, koma K wogwedera ndi K wolakwika, ndipo iwo ankadziwa zimenezi kuposa aliyense m'Makululu. Anamanganso malegeni, nayesa. Zala zinachita dzanzi asanamalize chilembo chachitatu. Anakhala pa chitini, nayang'ana nkhuku za aneba zikupalasa fumbi. Kenako anadzuka, napaka loyera pamwamba ponse.

Loweruka m'mawa anafika ndi thabwa lopanda mawu. A nsolo anali kale pansi pa mtengo. A Adamson anadzuka atakonzekera kuseka, koma atafika pafupi anangoima.

"Uyu ndiye eve," anatero. "Iwe wakudya mbeba, kanshi uli na maso."

Amayi a pamsika anabwera kudzaona. Wina anati a Mvula ndi katswiri, wina anati thabwalo lipite ku Lusaka. A Mvula anati utoto wofiirawo unali wabwino, anaugula kwa mmwenye wa m'tauni kalekale, ndipo anayang'ana kumbali mpaka anthuwo anasiya.

Chansa anazungulira thabwalo akumwetulira, kenako anaona pamwamba.

"Ba mudala, ma leta?"

A Mvula anam'kodola kuti abwere kuseri kwa masaka. Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba, nalitambasula pakati pa awiriwo. Linkagwedezeka lokha ngati tsamba. Pamkono panali mikwingwirima yakuda ya malegeni.

"Zilembo zatha," anatero. "Sindidzakulemberanso. Chithunzi chotere ndingathe. Chowongoka sindingathe. Ngati ukufuna wa ku Ngungu, muitane, sindikusungira mangawa."

Chansa anayang'ana dzanjalo, kenako anayang'ana kumsika, kenako nsapato zake.

"Kuyambila liti?"

"Kale."

"Ba tata nabeve yenze so, kumapeto kwa moyo wao." Anakweza mutu. "Uja wa ku Ngungu amajambula bantu monga ma sausage. Imwe muzijambula chabe vithunzi. Ma leta nizalemba neka na choko. Koma ba mudala, nchito yachepa, so na malipilo..."

"Ndikudziwa."

"Na mafilimu yambili ni ya bantu beni-beni. Ba karate sibataya penti."

"Ndidzawajambula mmene dzanja lifunira. Anthu akaseka, udzandiuze."

"Bakaseka koma balowa, kulibe mulandu."

Chansa analowa m'chisakasa, natuluka ndi choko. Choko choyera sichikanaoneka pa utoto woyera, choncho anabwerera kukatenga khala pa mbaula ya mayi wootcha chimanga. Anakwera pa benchi, nayamba kulemba KAPENTA, osati dzina lenileni la filimu, limene panalibe ankalitchula. Anayamba ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pofika pa N malo anali atatha.

"Ukanayamba wayeza," anatero a Mvula ali pansi. "Uwerenge zilembo, upeze chapakati, uyambire pamenepo."

"Bazabelenga chabe, ba mudala."

T ndi A anazipanikiza kumapeto, zing'onozing'ono, zokwera m'mwamba. A Mvula anangozisiya choncho. Anthu anali atayamba kale kupanga mzere pakhomo.

Chansa atatsika anawapatsa chikuto cha tepi ya sabata yotsatira. Panali mwamuna wopanda malaya, mwendo uli m'mwamba, kumbuyo kwake helikopita ikuyaka. Anawapatsanso thabwa lina, chitseko chakale cha kabati, kuti la Kapenta likhale pakhomo mpaka anthu atatopa nalo.

"Pa Chinayi," anatero Chansa.

"Lachinayi," anavomera a Mvula.

Anaika chikutocho m'thumba la malaya, nasenza chitseko pamutu. Chinali cholemera kuposa thabwa lija, ndipo njira ya kunyumba inali yokwera pang'ono, yodutsa pakati pa zimbudzi ndi mipanda ya maudzu. Pa mpope wa madzi anachitsitsa, nakhala pa mwala kuti apume. Anatulutsa chikuto chija, nayang'ana helikopita, chinthu chimene anali asanachijambulepo, nayamba kuganiza kuti utoto wachikasu akaupempha kwa ndani.